Chala cha a Sipanala

M'dera limenelo kufunsa munthu kuti avotera ndani kunali kutaya nthawi. Unkangofunika kudziwa mbali ya msewu imene anabadwira, basi. Kumtunda onse anali a chipani cha Makwerero, mpaka makanda omwe. Kumunsi onse anali a Ambulera, ndipo chipanicho chikanaimika mbuzi, mbuziyo ikanapambana. Tsoka ilo, a Sipanala, okonza njinga obadwira kumtunda, anakakwatira telala wa kumunsi.

Kuti banja lisathe, awiriwa anapangana kalekale kuti tsiku la chisankho aliyense azikhala pa ntchito yake. Mavoti awo ankangodyana, ndiye kupseranji ndi dzuwa pamzere? Panganolo linali labwino, koma palibe amene ankalisunga. A Sipanala ankati akukagula machubu, n'kubwerako manja ali bii ndi girisi kuti inki ya pachala isaoneke. Mayi atelala nawo ankati akukapereka diresi la kasitomala, ndipo madzulo chala chimakhala chomanga kansalu, ati singano yawabaya. Singano yake yobaya pa chisankho pokha! Aliyense ankadziwa bodza la mnzake, koma ankangopepesana mwaulemu.

Chaka chimenechi zinthu zinali zitasintha. A Sipanala anagwa ndi sitiroko ali mkati momanga sipoko za njinga, mkono ndi mwendo wakumanja n'kufa. Kuchipatala anati akhoza kuyendanso akamalimbikira, koma bambowo anangotembenukira kukhoma. Mpando wamatayala umene mwana wawo wamkazi anabweretsa unasanduka poyanika matawulo. Anzawo akabwera kudzawazonda ankanamizira tulo, posafuna kuti anthu aone munthu amene ankawongola malimu a njinga ndi manja akulephera kugwira supuni. Mayi atelala ankachita mantha. Anali ataonapo anthu akufa chonchi, mtima kaye, thupi pambuyo.

Anawanyengerera, zinakanika. Anawakalipira, zinakanikanso. M'mawa wa tsiku la chisankho mayiwo anaima pakhomo la kuchipinda atavala nsapato zawo zoyendera, n'kunena mosabisa kuti akupita kukavota.

"Nanga pangano lija?" anafunsa a Sipanala osatembenuka. Mawu ankatuluka mokoka.

"Linali la anthu awiri oyenda, bambo. Lero voti yanga ilibe woidya. Gonani bwino."

Anatuluka, koma sanapite. Anakhala pa makina awo osokera akumvetsera. Kunali zii. Kenaka bedi linalira, ndipo kunamveka mawu aukali ofunsa kuti ndani waunjika matawulo pampando wa munthu.

Sukulu yovoterako inali kumtunda, choncho mayiwo anakankha mpandowo chitunda chonse, thukuta lili kamukamu, akudziseka kuti akuvutikira kunyamula mdani wa chipani chawo. Panjira a Sipanala anadandaula kuti tayala lakumanzere likulira, ndipo amene analimanga ndi mbuli yeniyeni. Kudandaulako kunawakomera mayiwo kuposa nyimbo. Atafika pamzere, a kumtunda anawaombera m'manja, pomwe a kumunsi anafunsa mayiwo ngati mutu wawo ukugwira bwino.

Vuto linabuka pa nthawi yochonga. Dzanja lamanja silinkagwira kanthu, ndipo lamanzere linkanjenjemera moti cholembera chinagwa kawiri. Woyang'anira chisankho anati munthu wotere amaloledwa kusankha yekha womuthandiza amene amamukhulupirira. Tcheyamani wa Makwerero, yemwe anali kumbuyo kwawo pamzere, anali atayamba kale kusendera. A Sipanala anamuyang'ana, kenaka analoza akazi awo ndi chibwano.

"Amenewo ndi a Ambulera, achimwene," tcheyamaniyo anawakumbutsa chapansipansi.

"Ndikudziwa. Ndimagona nawo nyumba imodzi."

Mayi atelala anatola cholembera chija. Kuseri kwa katoni yotchingira kunali awiri okha, ndipo amuna awo, pokhala pansi, pepalalo sankaliona. Ambulera inali pomwepo, mzere wachiwiri, ikuwayang'ana. Kunena zoona mayiwo analakalaka kuchonga pamenepo, poti palibe amene akanadziwa. Koma anatsitsa pepalalo n'kuliika pamiyendo ya amuna awo. Analowetsa cholembera m'dzanja lakufa lija, n'kulifumbata ndi lawo, ndipo awiriwo anachongera limodzi pa Makwerero. Kuchongako kunali kokhota, koma kunagwera pamalo pake.

Kenaka mayiwo anavota nawonso, ndipo voti yawo inadyedwa monga mwa nthawi zonse. Sanakondwepo chotere ndi kuluza.

Pobwerera kunali kotsetsereka, mpando unkangodziyendera. A Sipanala anaika dzanja pabondo, chala cha inki chili poyera, ndipo aliyense wowapatsa moni ankamuyankha. Atafika pa shedi yawo ya njinga, yomwe inali yotseka chigwereni iwo, anauza akazi awo kuti aime.

"Tsegulani, mayi. Mundipatse sipanala yaing'ono ija ndi mafuta," anatero. "Tayala ili silingandifikitse ku chisankho chinacho likulira chonchi."