Phala la kwa Exildah

Inali sabata yachiwiri Eugene akungotsina nsima kawiri n'kusamba m'manja. Mkazi wake Mwiche anakumbukira zimene alangizi anamuuza asanalowe m'banja, zoti mwamuna akasiya mbale yodzaza ndiye kuti wadya kwina. Choncho anawonjezera mafuta. Nkhuku ankaikazinga mpaka kufiira, tomato wambiri, tsabola pamwamba. Eugene ankangoyang'ana mbaleyo, dzanja lili pachifuwa.

"Nakhuta, amake Tiza."

"Mwakhutira kuti?"

Eugene anasamba m'manja.

Lachitatu masana Mwiche anabereka Tiza n'kupita kugalaja ya ku Chawama kumene mwamunayo ankawotcherera zitsulo. Anabisala kuseri kwa minibasi yakufa. Posakhalitsa Eugene anatuluka n'kulowa m'kantemba ka Exildah, mayi wa nsidze zojambula amene ankaphikira amakanika chakudya. Mayiyo sanafunse n'komwe, anangomuikira mbale ngati wozolowera. Madzi owawasa anakwera kuchokera m'mimba mwa Mwiche mpaka kukhosi.

Mwiche analowa atakonzekera kupeza nyama. M'mbalemo munali phala loyera, ngati lomwe ankadyetsa Tiza.

"Nkalani, ba Mwiche," anatero Exildah, osadzidzimuka. "Bamuna banu chilungulira chizabapaya. Chiyambire pamene abwana banakamba kuti bazachosa bantu batatu pa nchito, chilichonse cha mafuta chimabwelera kukosi. Ku kiliniki banabauza ati ni maganizo, basiye vokazinga na mpilipili."

Mwiche anali asanamvepo za ntchitoyo, ngakhale za ku kiliniki. Anatembenukira mwamuna wake. Eugene ankapukuta supuni ndi chala.

"Sininafune kukuvutisa. Uli na mwana."

"Koma ba Exildah balibe mwana, ka? Ndiye vonse ni kwa beve."

"Ine nili nabo banayi, mama," anatero Exildah akuseka. "Nimangomvera chabe. Bamuna bakankala pa benchi apa bamakamba."

Madzulo ake Mwiche anawiritsa mpunga ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, botolo la mafuta osalikhudza. Anakhala pampando n'kumapenyetsetsa supuni iliyonse ikulowa m'kamwa. Eugene anamaliza mbale yonse, koyamba m'masabata awiri. Mwiche sanadye, pamtima pake pankayaka.

"Vankala bwanji?" anafunsa.

"Bwino maningi," anatero Eugene, akumwetulira mosaganiza kanthu. "Ndiye mwamene ba Exildah bamapikira."

Mwiche anatola mbaleyo. Ali panja anageya, zowawasa zija zinabweranso, ndipo anaikwecha mbaleyo nthawi yaitali ngakhale inali itayera kale.