Injini ya Pepala

Giok-ki ndi mnzanga wa pamtima, koma ndinene poyera: mkazi wa liuma ngati iyeyu sindinamuonepo m'mapiri athu onse a Meishan. Ine ndimagulitsa phala la mpunga ndi mazira ophika mu tiyi pakhomo la msika. Iye amatsika kuphiri ndi mphukira za nsungwi atazimanga kumbuyo kwa njinga yamoto yakale, yofiira, yomwe kulira kwake tinkakuzindikira isanatulukire pakona. Wokwera anali iye, koma wokonza anali amuna ake, a Thiam-teng, munthu wa mawu ochepa. Lamlungu lililonse ankayala katoni pabwalo, nkutsegula buku la kakonzedwe ka njingayo, nkumamasula ichi, kupukuta icho, mpaka dzuwa kupendeka. Bukulo anawapatsa ndi makaniko wina amene ankatseka galaja yake kalekale. Linali litada bii ndi girisi, ndipo Giok-ki sankaloledwa ngakhale kulikuntha fumbi.

A Thiam-teng atamwalira, Giok-ki anapita kwa a Lau, amene amatipangira katundu wa mapepala wowotchera akufa kuti asakasowe kanthu kumene apita. Ena amaitanitsa nyumba zosanja, magalimoto a mabwana, ngakhale antchito ophika. Iye zonsezo anakana.

"Nkhalamba yanga galimoto ikaitani? Ikangogwera nayo m'phompho. Mundipangire njinga yake yomwe ija, osasintha kanthu." Anawabwereka bukulo kuti aziona zithunzi, ndipo anawaopseza kuti likadzabwera ndi dontho la guluu adzawaona.

Njinga ya pepala inatuluka yokongola, ngakhale mpando wong'ambika uja unalipo. Tsiku lowotcha, moto utaigwira, ndinangoona Giok-ki akupisa m'chikwama, nkutulutsa buku lija, nkuliponya pakati pa malawi.

"Iwe, limenelo ndi lenileni!" ndinakuwa, koma dzanja ndinaligwira mochedwa.

"Nanga si la pepala? Lifika," anatero. "Ikakawafera panjira kumeneko akafunsa ndani?"

Tonse tinalira, ine ndemwe. Tsiku limenelo zinaoneka zanzeru.

Nthawi yonse ya maliro njinga yeniyeni inangokhala m'khonde. Tsiku lomwe Giok-ki anati ayambirenso malonda, anamenya kiki, njinga inatsokomola, nkuti zii. Anamenyanso mpaka bondo kutupa. Mnyamata amene amakonza njinga kumsika kwathu anangoiyang'ana nkupukusa mutu. Iye amadziwa zatsopanozi, zomwe amazilumikiza ku kompyuta nkumuuza zokha pomwe pakupweteka.

Nkhani inamupeza mwana wake, Chun-hiong, yemwe amagwira ntchito kudoko ku Kaohsiung. Si mwana woipa ayi, ndinamuberekapo kumsana ine. Anali ndi mantha basi, ndipo anaimbira amayi ake foni.

"Amayi, basi kuno imabwera ikafuna. Popanda njinga mukhala bwanji nokha m'phiri muno? Mukadwala? Chipinda ndakonza kale kwathu."

"Kuja kokwera ndi chikepe? Ndizikatani, kuwerenga magalimoto pawindo?"

"Njingayi inali ya bambo, yapita ndi bambo. Ina sindikugulirani, pamsinkhu wanu uno kuyamba kuzolowera ina ndi ngozi."

"Ilira."

"Chabwino. Tsiku losesa manda la chaka chino ndibwera ndi galimoto. Ndikadzapeza isanalire, mulongedze."

Wina akananyengerera, kapena kulira pang'ono kuti mwana afewe mtima. Giok-ki anangoti, "Ubwere." Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndawaona anzathu amene anatengedwa ndi ana awo kupita kumzinda. Amapita akuyenda okha, posakhalitsa umangomva kuti sakutulukanso m'nyumba. Ndinkamuopera mnzanga, komanso ndinkadziopera ndekha. Ndikanakangana ndi ndani m'mawa uliwonse?

Tinatsikira ku Chiayi, kusitolo yaikulu ya kampani yomwe inapanga njingayo. Anatilandira mnyamata wa malaya oyera mbee, zikhadabo zake zosadziwa girisi.

"Agogo, buku limenelo si logulitsa. Ndi la amakaniko a kampani okha."

"Njingayo ndi ya ndani?" anafunsa Giok-ki.

"Ndi yanu, agogo."

"Nanga m'mimba mwake ndi mwa ndani?"

Mnyamatayo anaseka mwaulemu, nkunena kuti ndi lamulo, kuti munthu wosaphunzira akhoza kudzivulaza, komanso kuti mtundu umenewo unasiya kupangidwa iye asanabadwe. Kenako anayamba kutionetsa zatsopano zonyezimira. Apo ine ndinalavula moto. Ndinamufunsa ngati mphika womwe amaphikira amayi ake nawonso uli ndi lamulo loti asauvundukule. Giok-ki anandikoka malaya, tinatuluka chimanjamanja.

Tinakwera basi yobwerera. Titatsika, m'malo molowera kwawo, Giok-ki analunjika kwa a Lau. Tinawapeza akumata denga la nyumba ya pepala, ndudu ili pakhutu.

"Achimwene," anatero Giok-ki, "inu mumatumiza katundu kutsidya. Njira yobwezera ilipo?"

A Lau anaseka mpaka kutsamwa. "Mlongo, ine ndine wa ulendo wopita wokha. Madzi akatayika saoleka. Mwatumiza chiyani molakwika?"

Atamva kuti ndi buku lija, kuseka kunatha. Anakanda mutu, nkulowa kuseri, nkuyamba kugwetsa makatoni. Anatuluka ndi mulu wa mapepala omangidwa ndi chingwe.

"Munandiopseza za guluu, inu. Ndiye ndinapita nalo kukalichita fotokope lonse, lanu lija ndinaliika pamwamba pa kabati. Koma musakondwe msanga, ndinadulamo."

Anadulamodi. Pomwe panali thanki, mpando, matayala ndi nyali panali mabowo okhaokha, chifukwa ankadula zithunzizo kuti aziyezera. Koma masamba a pakati, onena za injini, anali oyera, osakhudzidwa ndi sizasi. Ine ndinavina pomwepo. Giok-ki sanavine. Ankatsegula masambawo pang'onopang'ono, nkhope ikusintha.

"Awa simunawagwiritse ntchito bwanji?"

"Za m'katizo? Ndani amaziona? Ndinangomata kabokosi nkukapaka utoto wa siliva."

"Ndiye nkhalamba yanga ili ndi njinga yopanda injini?"

"Mlongo, zonse ndimapanga choncho. Zaka zonsezi palibe wakufa anabwerapo kudzadandaula."

"Anga ndi ofatsa, sadandaula," anatero Giok-ki. Anamanga mapepalawo m'kansalu, misozi ili m'maso. Panjira ankangobwereza kuti amuna ake akhala akuyenda wapansi nthawi yonseyi, akukankha njinga, buku lili kukhwapa.

Tinayamba ntchito pa katoni yomwe ija. Ndikatseka malonda masana ndinkakwera kwawo. Ine ndinali wowerenga, chifukwa magalasi anga ndi abwinoko, iye wogwira sipanala. Bukulo linali loleza mtima kuposa a Thiam-teng amene. Linkati ngati njinga sikulira, yamba waona ngati pulagi ikuthetheka moto. Inkathetheka. Likati ona ngati petulo akufika. Ankafika, koma akununkha ngati utoto wovunda. Likati masula kabuleta, ndipo chithunzi chinaonetsa tizidutswa tonse titandandalikidwa, kalikonse pamalo pake.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Kasipuling'i kena kanadumpha nkukagwera m'khola la nkhuku, tinakwawa akuluakulu awiri kulimbirana ndi tambala. M'kambale ka pansi pa kabuleta tinapezamo zobiriwira zonanda, ndipo kachitsulo kena ka bowo laling'ono ngati la singano kanali katatsekeka. Giok-ki anali atatenga kale waya kuti atokose pamene ine ndinafika pa mzere wolembedwa ndi zilembo zakuda: osatokosa ndi waya, bowo limakula.

"Uziwerenga msanga, iwe!"

"Uzidikira, nawe! Anakuthamangitsa ndani?"

Tinakaviika m'mankhwala otsukira, nkukapopa ndi pampu ya njinga yakapalasa, mpaka Giok-ki atakaloza kudzuwa nkuona kuwala kukudutsa. Titamanga zonse, petulo anayamba kuchucha pansi. Kampira kotsekera tinali titakaika kopindika. Apo mnzanga anakhala pansi nkulira kwenikweni, manja akuda ali kumaso. Anati a Thiam-teng ankadziwa kuti iye ndi wosatha kanthu, nchifukwa chake sankamulola kugwira. Ndinamuuza kuti asandinyanse, a Thiam-teng sankamulola chifukwa Lamlungu linali lawo, ndipo munthu aliyense amafuna kanthu kake kosagawana. Anapukuta mphuno, kumaso konse kunada, tinamasulanso.

Njinga itadzalira, nkhuku zinabalalika, galu wa a neba anauwa, ine ndinagwetsa magalasi. Giok-ki sanaseke, anangoima atagwira chogwirira, akumvetsera. Kenako anatenga sikuludiraiva nkupotoza kasikuluwu pang'ono monga buku linanenera, kulira kuja nkukhazikika.

M'mawa mwake anatsika nayo kumsika. Mapepala aja anakawachitanso fotokope, mpukutu wina nkuupachika pa msomali wa pamalo anga ogulitsira, kuti aliyense wa njinga ya mtundu umenewo aziona. Alipo ambiri m'mapiri muno, ndipo phala langa likuyenda malonda. Akagulitsa mphukira zake sankabwerera kunyumba, ankakakhala kwa a Lau. Ndikadutsa ndinkamva akukangana.

"Apa pali kabowo, achimwene."

"Kabowo pa pepala, mlongo? Ndani akaone?"

"Akaona. Boolani."

Tsiku losesa manda Chun-hiong anafika m'mawa, kumbuyo kwa galimoto kutadzaza makatoni opanda kanthu. Ine ndinali pakhonde, ndikunamizira kuti ndabwera kudzabwereka mchere. Amayi ake sanamupatse ndi moni yemwe. Anatulutsa njinga, nkumenya kiki. Inatsokomola. Anamenyanso, njinga nkulira bwinobwino.

"Wakonza ndani?" anafunsa Chun-hiong.

Giok-ki anangomuonetsa zikhadabo.

"Galimoto yakoyo kumanda siifika, njira ndi yaing'ono. Kwera kumbuyo. Gwira bokosi ili, usalipsinje."

Anakwera, bambo wamkulu wa mimba yake, mawondo ali m'mwamba, dzanja lina pa bokosi, lina pa phewa la amayi ake. Ine ndinatsatira wapansi, popeza manda a amuna anga ali paphiri lomwelo. Awiriwo ndinawapeza pa manda a Thiam-teng atazula kale udzu, ataika mapepala amitundumitundu pamwamba pa manda nkuwapsinja ndi timiyala, nkhuku yophika ndi tiyi zili patsogolo pa mwala.

Giok-ki anatsegula bokosi lija. Munali injini ya pepala, koma yosamanga. Pisitoni payokha, pulagi payokha, kabuleta yomasula, kasipuling'i kopota ndi kapepala kopyapyala, ndi kachitsulo kaja ka bowo la singano. Anayatsa moto m'chitini, nkumaponyamo chimodzichimodzi, akutchula dzina la chilichonse.

"Nkhalamba inu, pepani, sindinkadziwa kuti munapita ndi chigoba. Ichi musatokose ndi waya. Kampira aka muone, kamapindika."

Chun-hiong anagwada pambali pake, akuyang'ana tizidutswato.

"Amayi, bwanji simunawauze a Lau kuti amangiretu? Bambo akavutika nazo."

"Buku ali nalo," anatero Giok-ki, akuponya kasikuluwu komaliza. "Ukufuna Lamlungu azichita chiyani?"

Mwanayo anatembenukira kunsungwi, mapewa akugwedezeka, ndipo sitinamufunse ngati akuseka kapena akulira. Madzulo anabwerera ku Kaohsiung yekha. Makatoni aja amayi ake anawadzaza mphukira za nsungwi.