Kavalo wa Hew Wamanzere

Patrick Dalgarno, mwini malo a Tillybrack, adamwalira nkhosa zikuswa, nthawi yoipa kufa munthu kwathu kuno ku Scotland chifukwa aliyense amakhala ali kalikiliki m'khola. Maliro asanazizire n'komwe, loya Tulloch adatulukira pakhomo ndi makiyi a bokosi lachitsulo m'mene banjalo linkasunga zikalata zake. Grizel, mwana yekhayo amene malemu adasiya, adamulandira manja akununkha nkhosa. Adali mkazi wamtali, wa imvi zongoyamba kumene, wosakwatiwa. Osati kuti amuna sadabwere ayi, adabwera ndithu awiri atatu, koma chifereni miyendo abambo ake, minda, ziweto ndi alimi obwereka malo zonse zidali pamutu pake, ndipo amunawo adatopa n'kudikira.

Tulloch adatambasula chikalata chachikopa chimene adalembetsa Gilbert Dalgarno, agogo awo a Patrick, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu ake a m'mphuno aja. Mawu adali mbwee monga maloya amakondera, koma mfundo idali imodzi. Tillybrack azilowa ana aamuna okhaokha a mbewu ya Gilbert, ndipo mkazi angalowe pokhapokha amunawo atatheratu psiti.

"Zimenezo ndidazimva ndili kamwana," adatero Grizel. "Amunawo adatha. Mlongo wanga Rob adamira panyanja, abambo ndi awo mwaika dzanali. Tsekani bokosilo a Tulloch, ine nkhosa zikundivutikira m'khola."

Tulloch adakanda chibwano. "Adona, khalani kaye pansi. Kunyumba ya alendo m'tauni kwafika munthu wochokera ku Hull, ku Mangalande uko. Dzina lake Septimus Dalgarno, amagulitsa nsalu. Akuti ndi mdzukulu wa Hew."

Grizel adakhaladi pansi.

"Koma musataye mtima," adapitiriza Tulloch motsitsa mawu. "Mapepala ake akungosonyeza kuti agogo ake adali Hew Dalgarno winawake. Palibe pepala lonena kuti Hew ameneyo adali mwana wa Gilbert. Buku la ubatizo kutchalitchi lidadyedwa ndi makoswe, masamba a zaka zimenezo mulibemo. Ndiye woweruza aitana anansi khumi ndi asanu kuti alumbire zimene akudziwa. Akapanda kudziwa kanthu, malo ndi anu."

Vuto lidali lakuti anansiwo ankadziwa, ndipo adamva kuchokera pakamwa pa Grizel yemweyo. Ku Tillybrack kudali mwambo wakuti tsiku lotsiriza la chaka, anansi akakhuta nyama ndi wisiki, mwana wa m'nyumbamo ankaimirira kumutu kwa tebulo n'kutchula pamtima mzere wonse wa makolo. Idali ntchito ya Rob. Rob atamira, Patrick adaphunzitsa Grizel, n'kumamugogoda pamutu ndi supuni akalumpha dzina. Mtsikanayo adaugwira mzerewo kuposa mlongo wake, ndipo ankanyada nawo, kunena zoona ankachita kuyerekedwa nawo. Akafika pa mawu akuti, "Gilbert adabereka Ninian Wamtali, ndi Hew Wamanzere amene adathawira ku Hull pa kavalo wa abambo ake," nyumba yonse inkamenya matebulo n'kukuwa pamodzi kuti, "Kavaloyo sadabwerere!" Kenaka chikhakhali, ena mpaka kutsamwa. Zidachitika choncho chaka ndi chaka, ana a m'chigwamo adakula akuimba za kavalo wa Hew pobusa ng'ombe.

Bethia, wophika amene adamulera Grizel kuyambira ali wakhanda, sadaone chovuta. "Mungoti mwaiwala basi," adatero uku akusenda mbatata. "Ine ndimaiwala mchere tsiku ndi tsiku, ndani adandimangapo?"

"Nanga akandiuza kuti ndikweze dzanja ndilumbire?"

"Mukweze! Dzanja ndi lanu. Mulungu ali ndi zigawenga zambiri zoti aziyang'ana, angatanganidwe ndi inu? Kapena mukufuna tikagone kumpanda ngati akhwangwala, ine ndi nyamakazi yangayi?"

Grizel adatuluka n'kubwerera kukhola. Tsiku lotsatira kudabwera Dod Cruickshank, mnzawo wakale wa abambo ake, nkhalamba yogontha khutu limodzi, mmodzi mwa oitanidwa aja. Adaima pakhomo la khola atatsamira ndodo.

"Mwana wa Patrick, ine mutu udawola," adatero mokuwa ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya. "Sindikukumbukira n'komwe chimene ndadya m'mawawu. Ndipo matendawa atigwira tonse khumi ndi asanu, mliri weniweni. Wamva?"

"Ndamva, bambo Dod."

"Iwe ungotseka pakamwa pakopo. Udaipa n'kulongolola ngati amako."

Grizel adaseka pang'ono, koma mumtima mudali mantha okhaokha. Masiku onse otsalawo ankayeserera mzerewo wopanda Hew akuyenda pakati pa nkhosa. "Gilbert adabereka Ninian Wamtali. Ninian adabereka Patrick." Mawu osavuta, koma nthawi iliyonse lilime linkapunthwa pamalo amodzimodziwo, ngati phazi likaphonya sitepe mumdima. Ankayang'ana mpanda wamiyala umene adamangitsa yekha, dambo limene adaumitsa n'kudzalamo barele, ndipo ankadzifunsa kuti akachoka pano apita kuti, mkazi wa msinkhu wake amene sadagonepo kunja kwa chigwachi.

Tsiku la mlandu kudacha ndi mvula yamvumbi. Grizel adalowa m'bwalo la milandu atakonzeka kudana naye munthu wa ku Hull uja, koma ngakhale chidanicho chidamukanika. Septimus adali kamunthu koonda, ka chifuwa chosatha, nsapato zitanyowa, ndipo atamuona Grizel adaimirira n'kuvula chipewa mwaulemu. Anthu ankanong'onezana kuti kwawo adasiya ana asanu ndi awiri m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo.

Loya wa Septimus, mnyamata wa ku Aberdeen wa maso ngati a mphamba, adayamba ndi Dod.

"Bambo Cruickshank, Gilbert Dalgarno adali ndi ana aamuna angati?"

"Mwati anapiye?"

"Ana aamuna!"

"Ha, mwanawe, ine ndidali ndisanabadwe. Ukawafunse kumanda, ali pafupi pomwepa."

Anthu adaseka mpaka woweruza adamenya tebulo. Wachiwiri adati adamvapo za Ninian yekha. Wachitatu adati pa maphwando a ku Tillybrack iye ankaledzera msanga. Wachinayi adati dzina loti Hew akulidziwa, koma adali galu wa m'busa wakale. Mmodzimmodzi adaiwala onse, maso ali kudenga, ndipo Bethia amene adakhala kumbuyo kwa Grizel adamutsina pamsana mokondwa.

Mnyamata wa ku Aberdeen sadakwiye. Adangopinda manja n'kutembenukira kwa woweruza. "Bwana, chigwa chino anthu ake ndi oiwalaiwala, Mulungu awachitire chifundo. Koma dzulo ndikubwera ndidamva tiana tikuimba pamsewu za kavalo winawake. Nditafunsa adandiuza kuti pali munthu mmodzi kuno amene saiwala, ndipo ali m'chipinda muno."

Tulloch adadzuka n'kunena kuti Grizel nkhaniyi ikumukhudza, sangakhale mboni. Woweruza adati zimenezo n'zoona akamadzinenera zomukomera, koma apa akungofunsidwa za makolo ake, ndipo amuna olumbirawo ayenera kukumbutsidwa. Adamuitana kutsogolo. Grizel adakweza dzanja lamanja, n'kubwereza pambuyo pa woweruza kuti adzanena zoona monga adzayankhire kwa Mulungu pa tsiku lalikulu lachiweruzo.

"Tchulani mzere wa makolo anu, mayi, monga mumatchulira," adatero woweruza.

Adayamba. Mawu adatuluka okha monga kale, a Magnus amene adalandira malowo kwa mfumu, a Magnus wachiwiri amene adamanga chigayo, mpaka Gilbert womanga nyumba yamiyala. M'chipindamo mudali zii, mvula yokha ndiyo inkamveka pazenera.

"Gilbert adabereka Ninian Wamtali," adatero, n'kuima.

"Yekha?" adafunsa woweruza.

Liwu limodzi lokha, "inde," likadatha zonse. Amuna khumi ndi asanu aja adali okonzeka kulisenza limodzi naye bodzalo, ndipo palibe akadamunena. Grizel adayang'ana Dod, Dod adayang'ana nsapato zake. Kenaka Grizel adalakwitsa, adayang'ana Septimus. Munthuyo adali atapendeketsa mutu kuti amve bwino, nsidze imodzi itakwera kuposa inzake, ndendende mmene abambo a Grizel ankachitira pomudikira kuti atchule dzina lotsatira. Chibale n'fupa, sichiola. Grizel adafuna kunama, adafunitsitsa ndi mtima wake wonse, koma pakamwa padakana. Adamva ngati supuni ija ili pamwamba pa mutu wake, ndipo dzanja limene adakweza lidali lisanazizire.

"Ndi Hew Wamanzere," adatero ndi mawu osasa, "amene adathawira ku Hull pa kavalo wa abambo ake."

Palibe adamenya tebulo. Koma pakamwa pozolowera sipamva lamulo. Dod ndiye adayamba, misozi ili chuchuchu m'ndevu, ndipo enawo adamutsatira chapansipansi ngati akuyankha pemphero la pamaliro: "Kavaloyo sadabwerere."

"Adali wotuwa," adatero Septimus modabwa, osadziwa kuti akuthira mchere pabala. "Agogo ankamutchula kawirikawiri."

Amuna aja sadachedwe kukambirana. Akadachedweranji? Adasaina onse kuti Septimus Dalgarno ndiye mwamuna wapafupi kwambiri wa mbewu ya Gilbert. Potuluka Dod adadutsa pafupi ndi Grizel osamuyang'ana, n'kungong'ung'udza kuti, "Ndidakuuza utseke pakamwa, mwana wopusa iwe." Bethia sadamulankhule njira yonse yobwerera.

Mwambo wopereka malo udachitika nkhosa zitayamba kumetedwa. Lamulo limafuna kuti mwini watsopano alandire m'manja dothi ndi mwala wa pamalo pomwepo, mboni zikuona, loya akulemba. Mthenga wa khoti adayang'ana uku ndi uku posaka pofewa, poti pabwalo padali pouma gwa, ndipo adalowa m'dimba la Grizel kuseri kwa nyumba. Adatapa dothi lakuda pakati pa mizere ya kabichi, dothi limene mkaziyo adalithira manyowa ndi manja ake kuyambira ali mtsikana, adatola kamwala m'mphepete, n'kuika zonsezo m'manja mwa Septimus. Tulloch adawerenga mawu ake a m'mphuno. Grizel adaimirira pakhomo la khitchini, chifukwa panalibe amene adamuuza poti aime.

Zitatha, Septimus adatsala atanyamula dothilo osadziwa kochita nalo. Adaliyang'ana, adayang'ana malaya ake, kenaka adalikhuthula pansi mosamala n'kupukuta manja ndi kansalu. Adabwera kwa Grizel.

"Alongo anga," adatero, ndipo Grizel adadzidzimuka, poti chimwalirireni Rob palibe adamuitanapo choncho. "Musafulumire kusamuka. Mkazi wanga ndi ana sabwera mpaka tikolole. Kanyumba ka kuchipata kaja ndikonzetsa denga, inu ndi mayi Bethia mutha kukhalamo mpaka mutapeza kopita."

"Zikomo," adatero Grizel. Adanenadi zikomo, ndipo zidamupweteka kuposa tsiku la mlandu.

"Ndili ndi pempho limodzi. Ana anga ayenera kuudziwa mzere uja, ife kwathu tinkangodziwa za kavalo basi. Tsiku lija mudalekezera pa agogo. Umatha bwanji?"

Grizel adayang'ana kudimba kumene padatsala kadzenje pakati pa kabichi. "Ninian adabereka Patrick. Patrick adabereka Robert, amene adamira panyanja."

"Kenaka?"

"Basi. Umathera pomwepo."

Septimus adapendeketsa mutu, nsidze ija itakwera. "Nanga inuyo?"

Zaka zonse zija Grizel ankaimirira kumutu kwa tebulo, mutu uli m'mwamba, kutchula maina a amuna akufa osaphonya ndi limodzi lomwe, anthu n'kumamuwombera m'manja, ndipo sadaganizepo zodzifunsa funso limeneli.

"Ine mulibemo," adatero.

Kuphiri ometa nkhosa ankamuitana, ndipo njira yachidule yopita kumeneko idadzera m'dimba muja. Grizel adamanga mpango kumutu, adayenda mpaka pa kachitseko ka mpanda, n'kuima dzanja lili pa chotsekera.

"Bambo Dalgarno," adatero osatembenuka, "mungandilole ndidutse m'munda mwanumu?"