Mitima Iwiri ya Penti

Ine ndine wolemba zikwangwani. Mukaona pakhoma la shopu palembedwa kuti pano timameta, pano timagulitsa simenti, mwina ndi dzanja langa limenelo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti uchitsiru umene ndikufotokozereniwu sunabwere chifukwa chosadziwa penti. Penti ndimamudziwa bwino kwambiri.

Achemwali anga, amene anandilera mayi atamwalira, anagonekedwa m'chipatala Lolemba ali ndi chotupa m'mimba. Adokotala anati opaleshoni ndi Lachisanu m'mawa, koma magazi m'nkhokwe anali ochepa, ndiye banja lipeze anthu awiri opereka lisanathe Lachinayi. Apo ayi tsikulo lisuntha, ndipo mzere wake unali wa miyezi. Alamu anga anapereka tsiku lomwelo. Wachiwiri ndinali ine.

"Achimwene, kasingano kake ndi kakang'ono," anatero achemwali ali pabedi. Amandidziwa kuti jakisoni ndi ine sitimwerana madzi.

Sabata yomweyo pamasamba a mchezo panali chalenji imene inavuta. Umapaka kadontho kofiira popindikira mkono, pamene singano imalowera, n'kudzijambula kanema ukutchula anzako atatu, kenako n'kupita kukapereka magazi. Ndinadziuza kuti m'malo mopita ndekha ngati munthu wamba, ndibweretse anthu zana. Kunena zoona, ndinkafunanso kuti singano ija idikireko pang'ono.

Anzanga ankapaka lipisitiki. Ine katswiri, lipisitiki? Lachiwiri m'mawa ndinatsegula chitini cha penti wa oyilo, wofiira uja timapaka mageti, n'kujambula mtima pamkono uliwonse, wa mthunzi wake ndi kadontho kogwa. Akazi anga anagwira foni. Tinabwereza kakhumi ndi kamodzi, chifukwa mwina mawu andithawa, mwina galimoto yalira panja. Penti akafufutika ndinkapukuta ndi palafini n'kupakanso.

Kuseri kwa khoma la shopu yanga kuli bambo wina wosoka nsapato, timangowatchula a Chidendene. Foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi labala. Titamaliza anasuzumira pakhomo, ulusi uli pakamwa.

"Zimenezi zimawathandiza bwanji odwala?"

"Ndi kudziwitsa anthu, madala. Inu za masiku ano simungazimve."

"Oo. Nanga achemwali anu aja ali wodi iti?"

Ndinawauza, maso ali pafoni. Anagwedeza mutu n'kubwerera kunsapato zawo.

Kanemayo anayenda, abale. Pofika Lachitatu masana anthu zikwi makumi awiri anali ataonera. Ndemanga zinali mbwee: mulungu akudalitseni, ndinu ngwazi, penti ameneyu mumagula kuti. Mu basi mayi wina anandiloza n'kuuza mnzake kuti awo ndi a mitima aja, ine n'kukwinya malaya kuti aone bwino. Tsiku lonse ndinali kuyankha ndemanga, chikwangwani cha kasitomala chili chosamaliza pabenchi.

"Bambo, kuchipatala mupita liti?" anafunsa akazi anga.

"Mawa. Ndikufuna ndikapeze gulu langa lili pamzere."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero, n'kupitiriza kusita.

Madzulo amenewo ndinati ndichotse mitima ija kuti ndikapite ndili waukhondo. Penti wa mageti sachoka ndi sopo, zimenezo ndimauza makasitomala tsiku lililonse. Ndinakhula ndi palafini, ndinakhula ndi chiguduli, mpaka khungu kuyamba kuotcha. Lachinayi ndinadzuka mikono yonse iwiri itatupa, matuza ali ndandanda mmene munadutsa bulashi. Mitima inalipobe, koma tsopano inali ya mnofu wanga.

Ndinavala malaya a manja aatali n'kupita. Ndinkayembekeza mzere wofika kugeti. M'chipinda choperekera magazi ndinapeza mabenchi awiri, anthu atatu, ndi fani yolira ngati chigayo.

Anamwino anandizindikira. "Ndinu a mitima aja."

"Ndine amene. Anthu anga akubwera bwanji?"

"Masiku onse timalandira anthu ngati asanu. Dzulo anabwera khumi ndi atatu."

Chifuwa chinayamba kutukumuka.

"Asanu ndi awiri anangojambulitsa pachitseko apo n'kubwerera. Opereka anali asanu ndi mmodzi. Mwatiwonjezera mmodzi, sitinyoza ayi. Pindani malaya."

Ndinapinda dzanja lamanja. Anayang'ana. Ndinapinda lamanzere. Anavula magalasi.

"Bambo, pakhungu lotere sindingalowetse singano. Mukanapaka mkono umodzi bwenzi tikugwiritsa winawo. Mubwere pakatha masabata awiri, zikapola."

"Koma opaleshoni ya achemwali anga ndi mawa."

"Pepani. Sindingathe."

Ndinatuluka. Pakhonde ndinaimbira anzanga atatu amene ndinawatchula mu kanema muja. Woyamba anati wachita kale chalenji, kanema wake ndiye ndikamuone. Wachiwiri anali kunja kwa tauni. Wachitatu sanayankhe, koma patapita mphindi imodzi ananditumizira kamtima kofiira. Ndinachita mantha enieni, oposa a singano, ndipo ndinadzida. Munthu amene anandisambitsa ndili mwana ndinali nditamugulitsa ndi malaiki.

Ndinalowa mu wodi kuti ndikaulule. Achemwali anali atakhala tsonga, akupesa tsitsi.

"Bwanji nkhope yagwa chonchi, achimwene?"

"Achemwali, magazi aja…"

"Anakwana kale. Anamwino anena kuti mawa seveni koloko ndikulowa. Anzanu osoka nsapato aja anabwera dzulo m'mawa, anapereka m'dzina langa, n'kudzandiona kuno. Anati inu mwatanganidwa ndi kudziwitsa anthu."

Mmodzi wowonjezera uja anali a Chidendene.

Opaleshoni inayenda bwino. Loweruka ndinapita kwa a Chidendene nditanyamula botolo la chakumwa chozizira. Ndinawapeza akumata soli ya nsapato ya mwana wasukulu, kabandeji kadakali popindikira mkono. Ndinawathokoza. Kenako, poti chitsiru sichichira tsiku limodzi, ndinati ndiwajambule kuti anthu aone zipatso za kanema wanga.

"Kanema wanuyo sindinamuone," anatero. "Foni yangayi sionetsa zithunzi. Ndinangokumvani kuseri kwa khomali mukubwereza kambirimbiri kuti pitani mukapereke magazi, ndiye ndinati kapena munthuyu akunena ine."

Anatsegula botolo lija, n'kumwa pang'ono, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Nanga inu, poti mumaopa, singano sinakupwetekeni?"

Ndinakokera manja a malaya mpaka m'zikhatho.