Mzere wa Choko M'nyumba ya a Urbina

Nkhondo yogwetsa boma itafika m'tauni ya Masaya, Casimiro Urbina anathawa atavala diresi la mlongo wake. Iye ndiye ankasokera mayunifolomu akuluakulu a asilikali, ndipo ankadziwa kuti oukira boma akumusaka. Mlongo wakeyo, Eulalia, anatsala n'kusamala bambo awo mpaka kuwaika m'manda.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri boma linasinthanso, ndipo Casimiro anatulukira kuchokera ku Miami ali ndi chimimba, dzino lagolide ndi kalata ya loya.

"Achemwali, ndabwerera theka langa la nyumba ya bambo."

"Fikani, achimwene. Diresi langa lija mwabwera nalo?"

Kukhoti Eulalia anaumirira kuti wothawa alibe gawo, koma woweruza anati mwana ndi mwana basi, agawane pakati. Eulalia anakwiya masiku awiri osadya. Tsiku lachitatu anatenga choko n'kujambula mzere pakati pa nyumba.

"Sankhani, aakulu ndinu."

Casimiro anasankha kumaso, kumene kunali pabalaza ndi khonde. Anakhala pakhondepo ngati bwana, akupereka moni wa Chingerezi kwa aliyense wodutsa. Masana nyemba zimene anadya kumsika zinayamba kumusokosera m'mimba. M'pamene anakumbukira kuti chimbudzi chili kuseri.

Anapeza Eulalia ataima pamzere, tsache lili m'manja.

"Mukupita kuti, a Miami? Kuno n'dziko lina. Chiphaso muli nacho?"

"Iwe Eulalia, usachite zachibwana, zinthu zavuta!"

"Kafunseni woweruza."

Casimiro anathamangira kwa mnansi wawo Evaristo, amene anamenya nawo nkhondo kumbali ya oukira. Evaristo anavomera, koma anati ayambe waimba nyimbo yawo ya kutchire. Casimiro anaimba mavesi atatu atapanikiza miyendo. Eulalia, akumvetsera pampanda, anaseka mpaka misozi.

Kuseka kunamuthera m'mawa mwake. Atatchena kuti apite kutchalitchi, anapeza kuti khomo lotulukira kumsewu ndi limodzi lokha, ndipo mlongo wake watambalala pomwepo akumwa khofi.

"Chiphaso, mayi!"

Eulalia anakwera mpanda wa kuseri, siketi n'kung'ambika, ana a Evaristo akuwomba m'manja.

Anapirira sabata yathunthu, wina akuimba, wina akukwera mpanda. Loweruka Eulalia anabwera ndi ndowa ya madzi, n'kuiika pamzere. Casimiro anagwada n'kuyamba kukolopa kuti afufute mzere wa chokowo, akudandaula kuti ku Miami ntchito yotereyi amagwira ndi makina.

"Mwasiya pakonapo," anatero Eulalia.