Mlonda wa Mtengo wa Mapeyala

Amene ananena kuti chibale ndi fupa sichiola sanakumane ndi achemwali anga, a Eufemia. Ine ndine Lurdes, mng'ono wawo, ndipo nyumba zathu ku Limbuli zinayandikana moti wina akayetsemula winayo amamva. Koma chimwalirire mayi athu sitipalana moto. Nkhuku yanga ikalowa pabwalo pawo imabwerako ikutsimphina.

Chotidanitsa chinali mtengo wa mapeyala umene unali pakati pa mabwalo athu. Mayi anabwera ndi njere yake ataimanga pansonga ya chitenje pothawa nkhondo kumudzi kwawo, kuseri kwa Milange, n'kudzaidzala pano. Mapeyala ake anali amafuta, osati amadzimadzi aja a pamsika. Tsiku lina akudwala, tikuwaperekeza kuchipatala pa njinga, mayi ananena momveka bwino kuti mtengowo ndi wanga chifukwa ndine ndinkawasamala. Omva tinali awiri, ine ndi amuna anga a Thomson, amene ankakankha njingayo. Achemwali ankati limenelo ndi bodza la mng'ono wadyera.

Nkhaniyo tinaitula kwa atsibweni athu a Mikaeli, eni mbumba, amene amakhala ku Chitakale. Iwo anati adzabwera mapeyala akakhwima kudzamva mbali zonse. Ine mtima unali m'malo, pakuti mboni yanga ndinkagona nayo mphasa imodzi.

Chaka chomwecho mwana wa achemwali, Americo, anabwera kuchokera ku Joni ndi kompyuta. Anaika sola padenga, n'kulumikiza ku kompyutayo kachipangizo kolowa simu khadi, kamene amati modemu, n'kukapachika pazenera ndi chingwe chachitali. Kwathu kuno foni imachita zofuna zake. Ukaima apa yagwira netiweki ya Malawi, ukasuntha pang'ono yathawira ku Mozambiki, ukakhala pansi yangoti zii. Koma modemu ya pazenera ija inkagwira ndithu. Americo anakonza kuti kompyutayo izigawa intanetiyo mumphepo, popanda chingwe, kuti foni ya mayi ake izilandira ngakhale ali kukhitchini. Ankati ndi wayifayi. Pobwerera ku Joni anasiya mawu amene anandifika kudzera pamjigo: netiweki ikanagwira bwino koposa pakanapanda mtengo wa mapeyala umene ukutchinga zenera.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti achemwali sakufuna mapeyala. Akufuna kudula mtengo wa mayi.

Kuti foni ya munthu ilandire mphepo imeneyo panafunika mawu achinsinsi, pasiwedi, ndipo achemwali sankauza aliyense. Wofuna ankayenera kulowa m'nyumba mwawo, kukhala pansi, kupereka moni wautali, kenako iwo n'kutenga foniyo n'kulemba okha atatembenukira kukhoma. Anthu anagwada. Aphunzitsi, a kabaza, ngakhale amayi amene kale ankandithandiza kuwajeda, onse anayamba kuwatchula kuti mayi athu. Zinandinyansa, ndipo ndinauziratu amuna anga.

"Bambo a Cecilia, tsiku limene mudzakapemphe mphepo ya mfiti ija, mudzanyamule bulangete lanu. Munabwera nalo lokhalo pamudzi pano."

"Ine? Za makompyutazo ndiziziwira kuti ine?" anatero akupopa tayala. "Usandiyambe, mayi a Cecilia."

A Thomson amakonza njinga. Kale ankakonzera kumsewu, koma patapita masabata angapo anasamutsa zipangizo zawo n'kuzikhazika patsinde pa mtengo uja. Nditafunsa, anati akulondera.

"Akamandiona pano sangayerekeze kubwera ndi nkhwangwa. Mtengowu ndi wako, nde mlonda wake ndine."

Kunena zoona ndinasangalala. Munthu amene ankalephera kuingitsa mbuzi m'munda mwa chimanga tsopano ankakhala pamalire kuyambira m'mawa, dzuwa kaya mvula yowaza. Ndinkawapititsira tiyi ndi chinangwa chophika pomwepo. Pamjigo ndinkadzitama kuti ena ali ndi kompyuta koma ine ndili ndi mwamuna. Amayi ena ankayang'anana n'kumaseka chamumtima, ine n'kumati ndi nsanje. Foni sinkachoka m'manja mwa mlonda wangayo, ndipo ndikayandikira ankati akuona nthawi. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ine nthawi imeneyo maso anali atatsekeka ndi kunyada.

Atsibweni anafika Loweruka m'mawa, mapeyala atalemera mpaka nthambi kuwerama. Tinawaikira mpando patsinde pomwepo. Achemwali anatulutsa mkeka wawo, ine wanga, osagundana. Zenera lawo linali lotsegula, kompyuta ikuoneka patebulo, kanyali ka modemu kakuphethira.

Achemwali anayamba. Anati iwo ndiwo oyamba kubadwa, anathirira mtengowo ine ndisanadziwe kupukuta mamina, ndipo wodwala amanena zambiri. Ine ndinafotokoza za ulendo wa kuchipatala, mawu a mayi onse monga ndinawamvera. Atsibweni anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anatembenukira kwa amuna anga.

"Akamwini, nkhani za mbumba si zanu, koma poti munalipo tikufunsani. Malemu ananena chiyani?"

A Thomson anakanda m'mutu. Asanatsegule pakamwa, achemwali analankhula ngati akulankhula ndi nkhuku zawo.

"Alamu, kumbukirani bwinobwino. Mphepo ya pano imasinthasintha."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba la amuna anga, kenako inalira kachiwiri, kachitatu, mauthenga akulowa motsatizana. Foni imeneyo m'nyumba mwathu inkangokhala ngati mwala. Iwo anaigwira ndi dzanja kunja kwa thumba ngati akutseka pakamwa pa mwana wolira mu tchalitchi.

"Atsibweni," anatero akuyang'ana pansi, "siku limenelo kunali mphepo, komanso njinga inkalira tcheni. Mayi analankhuladi, koma sinnamve bwino kuti akunena mtengo kapena chani."

Ndinadzuka pamkeka n'kuwafunsa.

"Simunamve? Si inu munayankha kuti mwamva, mayi, musade nkhawa?"

"Kale kwambiri, mayi a Cecilia. Munthu umaiwala."

Atsibweni anapumira m'mwamba. Anati mlandu wopanda mboni sauweruzira mng'ono pamaso pa mkulu wake, choncho mtengo ukhale m'manja mwa a Eufemia, ndipo aziganizira m'bale wawo pa nthawi yothyola. Ananyamuka, anakana ngakhale tiyi, n'kukwera kabaza kubwerera ku Chitakale. Ndikuganiza kuti nawonso anaona kuti mboni yanga yagulidwa, koma anatopa nafe.

Achemwali si munthu wopambana mwakachetechete. Anapinda mkeka wawo pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana koyamba chimwalirire mayi.

"Iwe, mlonda wakoyu umamuziwa koma? Anabwera yekha iwe uli kuchigayo. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pansi, anadya nanazi wanga, ine n'kumulembera pasiwedi ndi zala zangazi. Wayifayi yanga imathera patsinde pompa, nde umati akulondera chani? Amaonera mpira, iwe n'kumamubweretsera tiyi."

Ndinatembenukira kwa a Thomson. Ndinkafuna akane, ngakhale monama, koma anangoti anali masewero ochepa chabe, ndipo mtengo ndi mtengo, tikhoza kudzala wina. Mawu amenewo anandipweteka kuposa umboni wawo uja. Ndinawada pomwepo, ndipo ndinadzida ndekha chifukwa cha chinangwa chonse chimene ndinawaphikira.

Sindinakuwe. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga bulangete lawo, malaya awiri ndi pampu, n'kuzimanga pa keliyala ya njinga yawo ndi mphira. Kwathu kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo njira imene anadzera imakhala ikadalipo.

"Ndinakuuzani. Ankhoswe anu akafuna kundipeza, akuziwa pamene ndimakhala."

Anakankha njinga kubwerera patsinde paja, mwina poganiza kuti kumeneko kuli abale awo atsopano. Anakhala pamuzu, anatulutsa foni, anaiyang'ana, anaikweza m'mwamba, anaigwedeza. Achemwali anasuzumira pazenera.

"Pasiwedi ndasintha, alamu. Ntchito yanu yatha. Ndipo muchotse zitsulo zanuzo pamalo panga, Lolemba kukubwera anthu."

Anthuwo anabweradi Lolemba, amuna awiri ndi nkhwangwa ndi chingwe. Sanadikire ngakhale kuti mapeyala athyoledwe. Ine ndinakhala pakhonde panga n'kumaonerera, chifukwa sindinafune kuti achemwali adzanene kuti ndinabisala. Mtengo unagwera chakumsewu, mapeyala n'kumwazika pabwalo ponse, ena ophwanyika, ena osakhwima. Ana a m'mudzi anatola odzaza malaya. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena, pakuti tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti mayi apitadi.

Pabwalo panayera mbee, dzuwa n'kumalowa mpaka m'khitchini mwanga. Madzulo ake achemwali anatuluka ndi foni yawo m'manja, akuyenda pang'onopang'ono n'kumaiyang'ana. Anadutsa chitsa, anadutsa malire, anafika mpaka pa masitepe a khonde langa, pamalo pamene sanapondepo chiikire maliro.

"Americo sananame," anatero. "Sopano ikufika mpaka pano, yodzaza. Ukafuna, bweresa foni yako ndikulembere. Koma uzavule nsapato pakhomo."

Ndinatola peyala limodzi lophwanyika limene linagubudukira pakhonde panga, ndinalowa nalo m'nyumba, n'kutseka chitseko.