Myuda wa Pansalu Yoyera

Valter uja, mwana wa achimwene anga a Gaspar, anangogula telefoni yaikulu ku Tete, basi n'kudzitcha mtolankhani. Mwana amene ndinamupukuta mamina ndi kapulana, chitenje changa ine!

Anabwera kunkhokwe yathu ya kachewere kuno ku Domwe, ati akujambula filimu yoonetsa pa Sete de Abrili, tsiku la amayi. Nkhokweyo tinamanga tokha azimayi a asosiyasau, gulu lathu la alimi, njerwa tikusenza pamutu. Itatha, a Gaspar ndi anzawo anayamba kufuna makiyi, ati chuma sichisungidwa ndi akazi. A bungwe lotithandiza anati adzagamula za makiyiwo pa tsikulo akaona filimu. Ine Lucrécia, monga wapampando, ndinkafuna chinthu chimodzi: ndinene ndi pakamwa panga amene anamanga.

Mlangizi wathu wa zaulimi ndi Dona Noemi, Myuda wobadwira ku Beira, wa buluku ndi majombo amatope, Chinyanja chili pakamwa. Valter atamva zoti ndi Myuda, maso anatuzuka. Anathamangira kutchalitchi kukabwereka nsalu yoyera ija amafunda atsikana pa sewero la Njira ya Mtanda, aja amangolira kumbuyo kwa Yesu osayankhula kanthu.

"Dona, fundani iyi," anatero. "Myuda wa buluku ndani angakhulupirire? Azakhali, inu vulani nsapato mugwade, Dona akupatseni mbewu."

"Ndigwade?" ndinatero. "Iwe, mbewuyo ndalima ndine!"

Dona Noemi anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, Ayuda sitinathere m'Baibulo ayi. M'mafilimu amationetsa tikulira, apo ayi ndife amayi olongolola kukhitchini. Agogo anga ankakhazikidwa kuseri kwa chinsalu m'nyumba yopempherera, amuna akuwerenga Malemba kutsogolo. Ine ndinalimbana nawo mpaka ndinawerenga pamaso pawo. Ndiye lero undibwezere m'nsalu iwe? Jambula a Lucrécia, ali ndi mawu."

Valter anandijambuladi, nkhope yake ili gwaa ngati wamwa mankhwala owawa. Ndinayankhula zonse, maina a azimayi onse, ndi uvuni umene tinawotchera njerwa. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. Uchitsiru wangawo!

Tsikulo tinakwera shapa, kaminibasi kaja, kupita ku Ulongwe titavala makapulana ofanana. Holo inadzaza, mashefi a bungwe ali kutsogolo. Filimu inayamba ndi nyimbo yachisoni ngati pamaliro. Kenaka pakhoma panaoneka munthu wofunda nsalu yoyera, atatipatsa msana, akutambasula manja pa milu ya kachewere wathu. Ndinazindikira zidendenezo: Denise, mlongo wake wa Valter, amene sadziwa n'komwe kuti kachewere amabzalidwa mwezi uti.

Mawu a Valter ankamveka pamwamba, onenepa ngati a pawailesi: "Mayi woyera wochokera ku dziko la Baibulo anamva kulira kwa amayi osauka." Ine ndinaonekamo, inde, pakamwa pakuyenda koma mawu atachotsedwa, nyimbo ikulira. Amene anamveka ndi a Gaspar, ataima pakhomo la nkhokwe ndi jekete la ukwati, akufotokoza mmene abambo anatsogolera ntchito. Munthu amene sanagwirepo njerwa ngakhale imodzi!

Anthu anaomba m'manja. Amayi ena a ku Fonte Boa ankapukuta misozi. Ndinaona shefi wamkulu akugwedeza mutu, akutembenukira kwa a Gaspar ndi kuwagwira chanza, ndipo ndinadziwa kuti makiyi apita. Ndinapsa mtima.

Dona Noemi anaimirira pakati pa holo, mthunzi wawo n'kugwera pakhoma. "Limenelo ndi bodza!" anakuwa. "Uyo si ine, ndipo nkhokwe anamanga ndi amayi awa!"

Bambo wina kumbuyo kwathu anawakoka malaya. "Khalani pansi mayi inu, mukutitchinga. Ife tikuonera Myuda."